Ukakafika usachite manyazi kufunsa

Awa ndi mawu omwe membala mnzathu, yemwe akuphunzira ku Mzuzu University, anayankhula pa msonkhano wathu wa Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene munali kumsika, kumunda kapena kumaliro muwerengeko nanunso.

 

Anandipempha kuti ndiyankhule ndi inu amene mayina anu atuluka kuti mupite ku yunivesite, komanso inu amene mukudikirabe zotsatira za MSCE. Ine si mlangizi, ndangothako chaka chimodzi basi. Koma zolakwitsa zanga zikadali zaziwisi, ndiye ndati ndizikhuthule pano kuti inu musakazibwereze.

M'chaka chimodzi chimenechi ndaona anthu akulongedza zikwama kubwerera kwawo maphunziro asanathe. Panalibe mbuli pakati pawo, ena anakhoza MSCE kuposa ine. Chomwe chinawagwetsa n'chakuti anakhala chete ndi vuto lawo mpaka linakula. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zonse zomwe ndinene lero zikuzungulira pamenepo.

Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pa siteji ya Mdeka pompano. Anali atagulitsa mbuzi ziwiri ndi thumba la nandolo. Tinawoloka Shire pa Zalewa, n'kudutsa Phalula, Chingeni, Ntcheu, Dedza mpaka Lilongwe, komwe ndinali ndisanapondeko chibadwire. Kuchoka apo Mponela, Kasungu, Jenda, kenako nkhalango ya paini ya Chikangawa. Ndi ulendo wa makilomita oposa 600. Ndinatsika mu Mzuzu m'bandakucha nditavala kabulauzi kopyapyala komwe timavala kuno kotentha, mano akugundana ndi kuzizira. Wakabaza woyamba kundiyandikira anandiyankhula m'Chitumbuka, ine osamva olo liwu limodzi. Ndinali m'dziko langa lomwe koma ndinali mlendo weniweni. Nanunso mudzakhala alendo, kaya a NCHE akutumizani ku UNIMA ku Zomba, ku LUANAR ku Bunda, ku MUST ku Thyolo, kapena ku MUBAS ndi KUHeS m'tauni mwathu momwemu. Musananyamuke pezani nambala ya munthu mmodzi yemwe ali kale pa sukulupo, mumuuze basi yomwe mwakwera ndi nthawi yomwe mufike. Ndipo amene mukupita kumpoto, juzi ndi bulangete lokhuthala zikhale zoyamba kulowa m'chikwama. Mzuzu ili pamtunda, June ndi July wake si wa kuno.

Choyamba, mapepala. Gulani kafayilo kamodzi ka pulasitiki, muikemo chiphaso cha unzika cha ku NRB, satifiketi kapena chikalata cha zotsatira cha ku MANEB, kalata yokuitanani ku sukulu, zithunzi zazing'ono za pasipoti ndi marisiti onse a ku banki. Chilichonse chikhale ndi fotokope yake, ndipo muchijambulenso pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Foni imabedwa, imelo sibedwa ndi foniyo. Yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina lanu. Ine pa fomu ina ndinalemba dzina la bambo anga mosiyana ndi momwe lilili pa chiphaso, chilembo chimodzi chokha, koma chinandiyendetsa masiku atatu anzanga atamaliza kale kulembetsa. Cholakwa chinali changa, ndinalemba mothamanga.

Pa nkhani ya ngongole ya sukulu, bungwe loona zimenezi ndi la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Limalengeza nthawi yofunsira, ndipo nthawiyo imatsekedwa. Musadikire kuti mufike kaye pa sukulu kuti muyambe kufunsa za izo, tsatirani zilengezo zawo kuyambira pano. Dziwani zinthu ziwiri: si aliyense wofunsa amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, mudzabweza mukadzamaliza. Mufunikanso akaunti ya ku banki ya m'dzina lanu, osati ya ankolo. Kaya mwafunsira ngongoleyo kaya ayi, musanyamuke opanda ndalama yodyera masabata oyamba.

Chachiwiri, pogona. Mahostelo a pa sukulu sakwanira aliyense, ambiri timakhala kunja m'nyumba zalendi. Mzuzu University ili ku Luwinga, ndipo makomo ambiri ozungulira kumeneko muli ana a sukulu. Apa ndi pomwe ndinapusitsidwa. Ndisananyamuke, munthu wina pa gulu la WhatsApp anaika zithunzi za chipinda chokongola, chamagetsi, chamadzi, pafupi ndi geti. Anati malo atsala amodzi, nditumize K30,000 yogwirira. Ndinatumiza pa foni. Nditafika nambala ija inali yozima, ndipo nyumbayo palibe ankaidziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomwe chimandipweteka mpaka lero si ndalamayo yokha, koma kuti ndinabisa. Sindinauze amayi poopa kuti adandaula ndi mbuzi zawo zija, sindinauze aliyense pa sukulu poopa kuoneka wakumudzi. Ndinagona pansi m'chipinda cha mtsikana wina wa chaka chachitatu kwa sabata ziwiri, ndipo ndi iyeyo anandiuza kuti ndikanangofunsa a bungwe la ophunzira akanandilozera nyumba zodziwika. Ndiye lamulo ndi ili: musalipire chipinda chomwe simunachione ndi maso, kapena chomwe munthu womudziwa sanakuonereni. Mukachipeza funsani za madzi, za magetsi, za chimbudzi, za loko wa pachitseko, komanso ngati njira yochokera ku laibulale imayendeka usiku. Mukalipira lembetsani penapake, eni nyumba asayine.

Chachitatu, ndalama. Kuno kwathu ambiri sitinagwirepo ndalama ya mwezi wathunthu pakamodzi. Ikangolowa mutu umazungulira. Tsiku lomwelo muigawe: ya lendi, ya chakudya, ya kupulinta ndi fotokope, ya bandulo, ndi ya thiransipoti yobwerera kwanu. Yomalizayi muibise ndipo muiiwale, chifukwa uthenga wa maliro kapena matenda sudikira kutha kwa semesita. Phikani nokha, kudya chiimirire tsiku ndi tsiku kumatha ndalama mwachangu. Pochoka kuno nyamulani ufa, nandolo, nsinjiro ndi mfutso. Ine ndinkachita nazo manyazi zimenezi, ndinkazibisa kunsi kwa bedi. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, anzanga omwe ankadya tchipisi aja ndi amene ankagogoda kudzapempha. Ngati muli ndi mesho womvana naye, sonkhani n'kumaphika mphika umodzi.

Pali maenje atatu omwe ndaona anthu akugweramo. Loyamba ndi kubetcha, makamaka kandege ka pa foni kaja. Ndikudziwa mnyamata wina yemwe anaikapo fizi ya semesita yonse usiku umodzi. Lachiwiri ndi katapila, yemwe amapezekanso pakati pa ophunzira okhaokha, ndipo chikole chake chimakhala foni kapena laputopu yomwe ukulembera asayimenti. Lachitatu, achemwali anga, ndi abambo amagalimoto omwe amadziwa bwino nthawi yomwe mayaro ndalama zawathera. Mayaro ndi ife a chaka choyamba, ndipo makonti, ndiye kuti a zaka zapatsogolo, nawonso ena amakhala tcheru ndi atsikana atsopano. Sindikukuweruzani, njala ndikuidziwa. Koma njala ili ndi ofesi yake. Pa yunivesite iliyonse pali mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Mwina sangakupatseni zonse, koma ndi amene amadziwa komwe kuli thandizo. Pitani msanga, vuto lisanakukakamizeni kuchita zomwe mudzalire nazo.

Chachinayi, chiyankhulo. Anthu a ku Mzuzu ambiri amamva Chichewa, ndiye ukhoza kukhala zaka zinayi osaphunzira liwu la Chitumbuka. Koma ukatero umakhalabe mlendo mpaka kumaliza. Ine ndinayamba ndi moni. Monire. Muli uli? Nili makora. Yewo, ndiye kuti zikomo. Nsima amati sima, ndiwo amati dende. Tsiku lomwe ndinapereka moni wa Chitumbuka kwa mayi wina wogulitsa masamba, anaseka mpaka misozi chifukwa cha katchulidwe kanga, kenako anandiikira basera. Kuyambira pamenepo ndi amene ankandiuza tsiku lomwe tomato watsika mtengo. Musakafike n'kumanyoza zakudya za eni, kondowole ndi nsima ngati ina iliyonse. Musakadzitsekerenso m'kagulu ka akumwera okhaokha. M'kalasi mudzakhala ndi Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Ayao, Alhomwe, Asena. Amene angakumasulireni phunziro lomwe lakuvutani simungamudziwe ndi dzina la kwawo.

Chiyankhulo china chomwe chimatiopsa ndi Chingerezi. Ife ochokera ku ma CDSS timatha kulemba, koma kutsegula pakamwa pagulu kumativuta, makamaka ukamva anzako ochokera m'masukulu a m'tauni akuchiyankhula ngati madzi. Ndinakhala mwezi wathunthu osakweza dzanja. Mvetserani, malikisi sapereka chifukwa cha katchulidwe. Yankhulani chothyokathyokacho, chimawongoka ndi kuyankhula komweko.

Chachisanu, m'kalasi. Ku sekondale kuli belu, kuli aphunzitsi olemba manotsi pa bolodi, kuli ahedi okuthamangitsa ukajomba. Ku yunivesite kulibe wokulondola. Lekichala amayankhula, amatchula mabuku, n'kutuluka. Ukajomba palibe akufunse tsiku limenelo, koma mayeso adzakufunsa. Chinanso chomwe sindinkadziwa n'chakuti maasayimenti ndi timayeso ta pakati pa semesita timawerengeredwa pa malikisi omaliza. Si zija za ku Fomu 4 zoti udzawerenga usiku wonse mayeso akayandikira. Ukalephera phunziro ukhoza kupatsidwa sapu, mayeso olembanso kachiwiri. Zikachuluka umabwereza, ndipo zikafika poipa umawidedwa, ndiye kuti wachotsedwa sukulu. Malamulo a zimenezi amasiyana malinga ndi sukulu, ndipo amalembedwa m'kabuku ka ophunzira. Kawerengeni sabata yoyamba, osati mutalakwa kale.

Ine mayeso anga oyamba ndinalakwa koopsa. Pepala ndinalipinda n'kuliika kunsi kwa sutikesi. Komanso ndinali ndisanatayipepo pa kompyuta, asayimenti ya masamba atatu inanditengera usiku wonse ndi chala chimodzi. Amene anandikankha ndi mesho wanga. Anandigwira dzanja mpaka pa khomo la ofesi ya lekichala, n'kugogoda yekha, n'kuthawa. Ndinalowa miyendo ikunjenjemera. Bambo aja sanandikalipire. Anatenga pepala lija n'kundionetsa kuti mfundo ndinali nazo, koma ndinkangobwereza zoloweza m'malo moyankha funso. Mphindi makumi awiri zimenezo ndi zomwe zinandipulumutsa semesita imeneyo. Ndiye inu amene mukudikira panopa, musangokhala pa bawo. Ngati pali kompyuta kulikonse komwe mungaifikire, kwa aphunzitsi, ku Lirangwe, ku Lunzu, phunzirani kutayipa, kutumiza imelo ndi kusunga fayilo. Ndipo mukadzayamba kulemba, musamakopere za pa intaneti kapena za mnzanu n'kuika dzina lanu. Kumeneko ndi mlandu waukulu, anthu amalangidwa nawo.

Chachisanu ndi chimodzi, thupi ndi mtima. Dziwani komwe kuli kiliniki ya sukulu musanadwale. Nyamulani neti ya udzudzu ndi buku lanu la kuchipatala. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a khunyu kapena a mphumu, kambiranani ndi achipatala kuno musananyamuke kuti mudziwe komwe muzikalandirira. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kusowa kwanu nakonso kumapweteka. Ine ndinalirapo chifukwa chongokumbuka masau ndi malambe a pa msewu wa Zalewa, tangoganizani. Pezani gulu: a SCOM alipo, Akatolika ndi Asilamu ali ndi magulu awo, kuli mpira, kwaya, zisudzo. Ndipo mukaona mnzanu wasiya kudya, wasiya kulowa m'kalasi, akungodzitsekera m'chipinda, musamusiye yekha. Khalani naye, mumuperekeze kwa alangizi a pa sukulu.

Tsopano ndiyankhe funso lomwe angapo mwanditumizira pa WhatsApp, la maphunziro a kunja. Paja ndege za pa Chileka timaziona zikudutsa, ndiye mtima umalakalaka. Ambiri mwafunsa za sikolashipu ya ku Romania yomwe imazungulira m'magulu. Ine kumeneko sindinapiteko, koma malamulo ake ndinawawerenga bwino nthawi yomwe ndinkadikira kusankhidwa. Sikolashipuyo ndi yeniyeni. Imaperekedwa chaka ndi chaka kudzera ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena wa dzikolo, kwa anthu a m'mayiko omwe sali mu European Union, ndipo munthu amafunsira yekha pa intaneti. Imalipira fizi, malo ogona mu hostelo ndi kandalama ka pamwezi. Koma tikiti ya ndege ndi yako. Maphunziro a udokotala, a mano ndi a zamankhwala mulibemo. Ndipo digiri yoyamba imaphunzitsidwa m'chiyankhulo cha ku Romania, ndiye chaka choyamba chonse umakhala ukuphunzira chiyankhulocho usanayambe zomwe unapitira.

Taonani kuti zonse zomwe ndanena za Mzuzu zikubweranso, kungoti zakula. Mapepala: pasipoti, visa ya maphunziro, kenako chilolezo chokhalira m'dzikomo. Visa imakupatsa masiku 90, ndipo chilolezocho umayenera kufunsira ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka kutatsala masiku osachepera 30 kuti masiku amenewo athe. Ukagona pamenepo wasanduka wokhala mosaloledwa. Kuzizira: chaka cha maphunziro chimayamba chakumayambiriro kwa October, ndipo pofika December ndi January kumagwa chipale chofewa, kuzizira kofika pansi pa ziro. Juzi ya ku Chikangawa singathandize. Ndalama yawo ndi leu, ndipo mwezi woyamba umafunika kukhala ndi yakoyako. Moni wawo ndi bună ziua, zikomo ndi mulțumesc. Mayunivesite akuluakulu ali ku Bucharest, komwe ndi likulu, ku Cluj-Napoca, ku Iași ndi ku Timișoara. Chokondweretsa n'chakuti ali ndi chakudya chotchedwa mămăligă, chophikidwa ndi ufa wa chimanga chachikasu, chofanana ndi nsima yathu. Ndiye amene adzapite sadzafa ndi njala ya nsima, koma ndiwo zake akazolowere.

Chenjezo langa pa za kunja ndi lomwe lija la chipinda cha K30,000. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo a sikolashipu, kapena kuti pasipoti yanu azisunga iyeyo, thawani. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukazunzika m'nyumba za anthu mapasipoti atalandidwa. Njira yomwe anakodwera ndi yomweyi, malonjezo okoma. Chilengezo chilichonse chitsimikizeni pa tsamba lenileni la boma kapena la yunivesiteyo, ndipo muonetse aphunzitsi anu akale musanatumize tambala. Onaninso ngati satifiketi yomwe muli nayo ikukwanira pa zomwe akufuna. Komanso musataye malo omwe mwapeza kuno chifukwa cha malo omwe simunapatsidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa makolo amene muwerenge izi kapena kuwerengeredwa, ndili ndi pempho. Mwana akaimba foni n'kunena kuti zinthu sizili bwino, musayambe ndi kumukumbutsa za mbuzi zomwe munagulitsa. Iye amazikumbuka tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake amabisa. Ine amayi ndinawauza za K30,000 ija patatha miyezi inayi. Anangoti, "Mwana iwe, ukanandiuza tsiku lomwelo bwenzi titagona ndi nkhawa imodzi tonse." Mawu amenewo sindiwaiwala.

Pomaliza, a wapampando, ndikupempha chinthu chimodzi chomwe tingachite lero lomwe tisanabalalike. Tilembe m'kaundula wa kalabu mayina a anyamata ndi atsikana onse a kuno ku Mdeka ndi midzi yozungulira amene ali m'mayunivesite ndi m'makoleji, kuphatikizapo a uphunzitsi, a unamwino ndi a ntchito zamanja. Mlembi asunge manambala awo. Wina akasankhidwa, timulumikize ndi amene ali kale kumeneko kuti akamulandire pa depoti, amuonere chipinda, ndiponso amuonetse khomo logogoda. Ine dzina langa lilembedwe loyamba pa Mzuzu. Amene mukubwera kumeneko mundiimbire, olo basi ifike 3 koloko m'mawa. Bulangete lachiwiri ndili nalo.

Ngati pali mafunso ndilipo mpaka madzulo, ndipo musachite manyazi, funsani.